Malire a Lusaka: kodi Silverest ndi Ten Miles ndi za khonsolo iti?

Mlendo amene watsika ndeke pa bwalo la Kenneth Kaunda International Airport amauzidwa kuti wafika mu Lusaka, ndipo tikiti yake imanena zomwezo. Koma pa mapu a Boma, nthaka imene mlendoyo waponda ili m'boma la Chongwe. Akakwera galimoto kulowera m'tauni, amayamba wadutsa nyumba zambiri-mbiri za mipanda ya njerwa asanafike pa malire eni-eni a mzinda. Eni nyumbazo mukawafunsa kumene akhala adzakuyankhani mosakaika kuti ndi mu Lusaka. Amagwira nchito mu Lusaka, amagula mu Lusaka, ambiri ana ao amaphunzira mu Lusaka. Koma meya amene amamusankha ndi wa Chongwe, ndipo msonkho wa nyumba zao uyenera kupita ku Chongwe.

Nkhani yomweyi iliponso kumpoto, pa msewu wa Great North. Dzina lakuti Ten Miles likunena mtunda wocokera m'tauni ya Lusaka, umene ndi makilomita pafupi-fupi 16. Minibasi zopita kumeneko zimanyamukira m'tauni monga zopita ku Matero kapena ku Mandevu. Koma Ten Miles ili m'boma la Chibombo, m'dziko la Mfumu Mungule ya Alenje, ndipo Chibombo ali m'cigawo ca Pakati cimene likulu lake ndi Kabwe, makilomita pafupi-fupi 140 kucokera ku Lusaka. Pa cisankho ca mu 2021 anthu a kumeneko anavotera phungu wa dera la Katuba, osati wa dera lina lililonse la mu Lusaka.

Funso lakuti malo awa ndi a yani limamveka ngati mkangano wa pa bawo, woti anthu aseke kenaka abalalike. Koma limasanduka nkhani yaikulu tsiku limene msewu wakumbika, zinyalala zaunjikana, nyumba yagwira moto kapena anthu awiri apezeka ndi makalata a puloti imodzi. Pamenepo munthu afunika kudziwa citseko coti agogode.

Gwero la cisokonezoci ndi lakuti mzinda unakula koma malire ake anaima. Lusaka anayamba mu 1905 monga poimira sitima, ndipo dzina analitenga kwa nyakwawa Lusaaka amene mudzi wake unali ca ku Manda Hill. Mu 1935 atsamunda anasamutsira likulu kuno kucokera ku Livingstone, ndipo mu 1960 Lusaka analandira ulemu wochedwa mzinda. Kukuza malire kwakukulu kunacitika mu 1970, pamene dera la khonsolo linafutukulidwa kufika pa masikweya kilomita 360. Nthawi imeneyo malo awa anaoneka okwanira ndi kutsalako, pakuti mkati mwake munali mapulazi ndi chire lambiri. Lero chirelo linatha.

Ziwerengero za kalembera zikuonetsa kumene anthu anapita. Mu 2010 boma la Lusaka linali ndi anthu oposa 1.7 miliyoni, ndipo mu 2022 anaposa 2.2 miliyoni. Kumeneku ndi kukula ndithu, koma kwa maboma oyandikana nalo kunali kwa liwiro loposa. Pa zaka 12 zomwezo, ciwerengero ca anthu m'maboma a Chongwe, Chilanga ndi Chibombo cinawirikiza kawiri ndi kupitirirapo. Chongwe anaposa anthu 300,000 ndipo Chibombo anaposa 400,000. Munthu wodziwa maderawa sangakhulupirire kuti kuculuka kotere kunabwera ndi kubereka kokha m'midzi ya Asoli ndi Alenje. Ambiri ndi anthu a mu Lusaka amene anathawa kukwera kwa lendi ndi kusowa kwa mapuloti, nakamanga kuseri kwa malire.

Cinawakopa ndi mtengo wa malo. Mkati mwa mzinda nthaka ndi ya Boma, ndipo puloti siipezeka mwacisawawa. Kunja kwa malire kunali mapulazi akale amene eni ake anawadula-dula m'mapuloti, ndiponso malo a makolo osungidwa ndi mafumu. Lamulo la malo la mu 1995 limalola kuti malo a makolo asandutsidwe a taitolo ya zaka zofika 99, pokhapokha mfumu ndi khonsolo ya boma limenelo zitavomereza, kenaka makalata apite kwa Komishona wa Malo. Apa ndiye pamene ambiri amadzidzimukira. Munthu wagula puloti ku Ten Miles kudzera mwa nyakwawa, wamanga, walowa m'nyumba, akudziona monga wa mu Lusaka. Tsiku lofuna taitolo kapena cilolezo comangira, amauzidwa kuti Civic Centre ya pa Independence Avenue ilibe naye kanthu. Khonsolo yake ili ku boma la Chibombo, ulendo wa makilomita oposa 70 kulowera ku Kabwe, atalipiranso pa geti ya msonkho wa msewu ku Katuba. Wa ku Silverest naye ayenera kulowera kum'mawa, ku Chongwe, pamene nchito yake ili kumadzulo.

Kwa munthu wa galimoto yake, limeneli ndi tsiku limodzi lotaika. Kwa mai wogulitsa pa msika, ndi ndalama ya basi kupita ndi kubwera, kuonjezapo malonda a tsiku lonse. Ndipo aliyense amene anatsatirapo makalata a malo adziwa kuti ulendo umodzi sukwanira. Cotulukapo cake n'cakuti ambiri amangomanga popanda cilolezo, nyumba zao sizilowa m'buku la msonkho, ndipo khonsolo imene ikanawatumikira siwadziwa n'komwe.

Pa zamalamulo palibe cokaikitsa. Khonsolo iliyonse imasonkhetsa msonkho wa nyumba ndi kupereka ziphaso za malonda mkati mwa malire ake okha, ndipo udindo wake wa misewu ya m'makomboni, ngalande, misika, manda ndi kuzimitsa moto umathera pomwepo. Kuyambira pamene malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa mu 2016, mameya ndi apampando a makhonsolo amasankhidwa ndi anthu mwacindunji. Motero wa ku Silverest alibe voti pa meya wa Lusaka, ngakhale kuti tsiku lonse amakhala pansi pa zosankha za meyayo: kumene basi iime, kumene agulitsire, kumene aimike galimoto. Khonsolo ya Lusaka nayo ili ndi dandaulo lake. M'mawa uliwonse imalandira khamu la anthu ocokera kunja kwa malire, amene amayenda pa misewu yake ndi kusiya zinyalala m'misika yake, koma msonkho wa nyumba zao umapita kwina kapena supita kulikonse.

Ndalama za thumba la CDF zakulitsa kufunika kwa funsoli. Mpaka mu 2021 dera lililonse la phungu linali kulandira K1.6 miliyoni pa caka. Mu bajeti ya 2022 ndalamazi zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2024 zinali K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Ndalamazi zimatsata dera la phungu, ndipo zimadutsa m'khonsolo ya boma limene deralo lili. Wacinyamata wa ku Ten Miles wofuna thandizo la maphunziro a luso kapena ngongole ya kagulu sangalembetse ku Matero cabe cifukwa ndiko kufupi. Ayenera kudziwa wadi yake ndi khansala wake. Kuonjezera apo, komiti ya CDF ya dera lotere imakhala ndi mitundu iwiri ya zopempha pa tebulo limodzi: a m'mapuloti afuna ngalande ndi kukonza misewu ya m'komboni, a m'midzi afuna mlatho wa pa mtsinje, dibi la ng'ombe ndi nyumba ya mphunzitsi. Onse ali ndi zifukwa zomveka, koma thumba ndi limodzi.

Za madzi ndizo zimaonetsa bwino kuti malire a pa mapu sagwirizana ndi moyo wa anthu. Kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation imatumikira cigawo ca Lusaka, pamene cigawo ca Pakati cili m'manja mwa Lukanga Water imene likulu lake lili ku Kabwe. Motero Ten Miles, ngakhale ili pa khomo pa Lusaka, ili m'cigawo ca kampani ina. M'mapuloti atsopano ambiri, kum'mawa ndi kumpoto komwe, mwini nyumba aliyense amadzikumbira boholo yake ndi dzenje lake la zonyansa, zonse pa kamalo kamodzi. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, moti zimene zalowa pansi pa nyumba imodzi sizicedwa kufika m'madzi a nyumba ina. Madzi a pansi sadziwa kuti pano ndi pa Chongwe, apo ndi pa Lusaka.

Mitsinje nayo imalumikiza maboma awa mwa njira imene ambiri saiganizira. Gawo lalikulu la madzi a m'mipope ya Lusaka limacokera mu mtsinje wa Kafue, pa makina a ku Iolanda, kunja kwa malire a mzinda. Madzi otaidwa a mbali ina ya mzinda amatsikira mu Ngwerere, ndipo Ngwerere amathira mu mtsinje wa Chongwe, umene tauni ya Chongwe imamwako. Chalimbana, amenenso amathira mu Chongwe, magwero ake ali ku nkhalango ya Lusaka East yochuka ndi dzina lakuti Forest 27, imene mbali zake zinacotsedwa pa citetezo pakati pa 2017 ndi 2019 kuti pamangidwe nyumba. Tauni ya Chongwe yakhala ikusowa madzi m'cilimwe damu lake likaphwa. Munthu wa ku Chongwe akanena kuti kukula kwa Lusaka kumamudyera, sakunama.

Kolera imene inabuka mu October 2023 n'kupitirira mu 2024 inadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu anatsegulidwa mocedwa, mu February. Mliriwo unakula kwambiri mu Lusaka, koma minibasi zimene zimadutsa malire m'mawa ndi madzulo sizinaime.

Pali anthu amene amati yankho ndi lapafupi: kukuza malire a Lusaka monga mmene zinacitikira mu 1970, kuti Silverest, bwalo la ndeke, Ten Miles ndi malo ena otere alowe mu mzinda. Kusintha malire si cinthu cacilendo m'dziko lino. Mu 2012, mu ulamuliro wa malemu a Michael Sata, Chilanga anapatulidwa ku Kafue ndipo Rufunsa anapatulidwa ku Chongwe. Caka comweco Chirundu anacotsedwa ku cigawo ca Kumwera kubwera ku cigawo ca Lusaka, ndipo Shibuyunji, wopatulidwa ku Mumbwa, analowanso m'cigawo ca Lusaka. Koma mu 2018 Shibuyunji anabwezedwa ku cigawo ca Pakati, ndipo mu November 2021 mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anabwezera Chirundu ndi Itezhi-Tezhi ku cigawo ca Kumwera. Maboma onse m'dziko anacoka pa oposa pang'ono 70 mu 2011 kufika pa 116. Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa ziwiri. Colembera cimodzi cikhoza kusuntha malire. Koma malire osunthidwa popanda kumvana ndi eni dera sakhalitsa, amabwerera pamene utsogoleri wasintha.

Kukuza Lusaka kuli ndi otaya ake, ndipo ndi bwino kuwachula. Woyamba ndi khonsolo ya Chongwe. Nyumba zazikulu, masukulu apamwamba monga nthambi ya University of Lusaka ku Silverest, mafakitale ndi malo a malonda a kufupi ndi bwalo la ndeke ndizo zingapatse khonsoloyi msonkho woti itukulire midzi yakutali. Kuzicotsa ndiko kusiyira Chongwe udindo wa kumidzi popanda thumba. Chibombo naye zingamucitikire cimodzi-modzi. Waciwiri ndi mafumu. Ufumu wa Nkomeshya wa Asoli, umene caka ndi caka umacita mwambo wa Chakwela Makumbi ku Chongwe, unataya kale malo ambiri pamene Lusaka anali kumangidwa, ndipo malo a makolo akasanduka a taitolo sabwereranso kwa mfumu. Mfumu iliyonse ya m'mphepete mwa mzinda ikamva za kukuza malire imamva kuti dziko lake likucepa, ndipo anthu ake osauka ndiwo adzakankhidwira kutali. Pa Ten Miles pali vuto lina loonjezera, lakuti malire ake ndi a cigawo, kutanthauza kuti kusintha kungakhudze maofesi a zamaphunziro, zaumoyo ndi zamadzi a zigawo ziwiri.

Funso limene ocirikiza kukuza malire sakonda kuliyankha ndi ili: kodi khonsolo ya Lusaka ingathe? Ndi khonsolo yomweyi imene dzinja lililonse imalimbana ndi kusefukira kwa madzi ku Kanyama, imene zinyalala za mzinda wonse imazitutira ku Chunga, ndipo makomboni ena akale mpaka lero akudikira ngalande. Kuisenzetsa anthu ena zikwi mazana angapo sikudzabweretsa phula ku Silverest mawa lake. Ena a m'mapuloti atsopano, akamaganiza mofatsa, angaone kuti kukhala olemera a khonsolo yaing'ono kuli ndi phindu lake kusiyana ndi kukhala kumapeto kwa mzere mu khonsolo yaikulu.

Anzathu a ku South Africa anakumana ndi funso lofanana nalo. Midrand, kumene kuli nyumba ya malamulo ya Pan-African Parliament ndiponso kumene a ku Zambia ambiri opita ku Johannesburg amakudziwa, ili pakati-kati pa Johannesburg ndi Pretoria. Ngakhale dzina lake lakale la Halfway House linali kunena zomwezo. Inakhala khonsolo payokha kuyambira mu 1981, koma mu 2000, pamene dzikolo linakhazikitsa makhonsolo akulu-akulu a mizinda, Midrand inalowa mu Johannesburg ndipo Centurion, yoyandikana nayo, inalowa mu Tshwane pamodzi ndi Pretoria. Malire anajambulidwa ndi bungwe loima palokha loona za malire a makhonsolo, ndipo nkhaniyo inatha. Koma dziko lomwelo linaonanso mbali yowawa. Pamene komboni ya Khutsong inacotsedwa ku Gauteng kupita ku cigawo ca North West kumapeto kwa 2005, anthu anakana, ananyanyala cisankho ca makhonsolo ca mu 2006, ndipo zipolowe zinapitirira kufikira Boma litawabwezera ku Gauteng mu 2009. Kusiyana kwa nkhani ziwirizi n'kwakuti Midrand anaikidwa kumene moyo wa anthu ake unali kale, pamene Khutsong anacotsedwa kumene anthu ake anali kudyera.

Tikayesa ndi muyeso umenewu, moyo wa Silverest ndi Ten Miles uli ku Lusaka, ndipo palibe angatsutse. Komabe maganizo a mlembi ndi akuti kusuntha malire sindiko koyenera kuyambira. Njira ina inalembedwa kale. Mu 2009, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, Boma linakonza pulani yaikulu ya citukuko ca Lusaka yofika mu 2030. Pulaniyo sinathere pa malire a mzinda. Inaphatikizapo mbali za Chongwe, Chibombo ndi Kafue, pozindikira kuti zonsezi ndi dera limodzi la anthu oyenda pa misewu imodzi ndi kumwa madzi amodzi. Za misewu zina zinacitika: msewu wa Tokyo Way unamangidwa, ndipo pakati pa 2018 ndi 2021 kunabwera milatho yodutsa pamwamba ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Koma kayalidwe ka mapuloti kunja kwa malire kanatsogola, pulani n'kumatsatira m'mbuyo. Lamulo la mapulani a matauni ndi zigawo la mu 2015 limalola makhonsolo kupanga mapulani pamodzi, ndiponso kupangana ndi mafumu za kayalidwe ka malo a makolo asanagulitsidwe. Zida zilipo m'malamulo. Cofunika ndi kuzigwiritsa nchito pamene malo akali opanda nyumba, pakuti msewu ndi ngalande sizipeza podutsa pakati pa mipanda yomangidwa kale.

Pali zina zing'ono-zing'ono zimene sizifuna kusintha lamulo lililonse. Khonsolo imene anthu ake ambiri ali pa makilomita 30 kapena 70 kucokera ku boma iyenera kukhala ndi ofesi yokwanira kumene kuli anthuwo, yolandira mapulani a nyumba, msonkho ndi madandaulo, osati kazenera kolandirira ndalama kokha. Makhonsolo oyandikana akhoza kulemberana pangano lakuti galimoto yozimitsa moto imene ili pafupi ndiyo ithamange, za malipiro akambirane pambuyo pake. Ndipo zikwangwani zosonyeza malire ziyenera kuima ngakhale m'misewu ya fumbi ya m'mapuloti, osati pa misewu ikulu-ikulu yokha, kuti wogula adziwe boma limene akulowamo asanapereke ndalama.

Nthawi yocitira zimenezi ikucepa, maka-maka kumpoto. Nchito yokuza msewu wa Lusaka ndi Ndola kuti ukhale wa mbali ziwiri, wa makilomita 327, inakhazikitsidwa mu May 2024. Msewu wabwino umafupikitsa ulendo, ndipo ulendo ukafupika anthu amalimba mtima kukamanga kutali. Malo amene lero achedwa Fifteen Miles ndi kupitirira apo adzadzaza monga inadzazira Ten Miles, ndipo onse adzakhala m'boma la Chibombo.

Kwa inu amene mukufuna kugula puloti m'mphepete mwa Lusaka, musakhutire ndi mau a wogulitsa akuti malowo ali mu Lusaka. Funsani boma limene malowo ali, wadi yake ndi dera la phungu wake. Funsani ngati ndi malo a makolo kapena a taitolo. Ngati ndi a makolo, kalata ya nyakwawa yokha siikwanira kupezera taitolo. Pafunika civomerezo ca mfumu ndi ca khonsolo. Ngati ndi pulazi yodulidwa, pitani ku unduna wa zamalo mukaone ngati kudulako kunavomerezedwa ndiponso ngati dzina la pa taitolo ndi la amene akukugulitsani.